Khonje la m'malire a Naliyela

Kalekale, m'mudzi wina wa patsinde pa phiri, munali mayi wamasiye dzina lake Naliyela. Anali ndi munda umodzi wokha, womusiyira mayi ake. Mundawo unachita malire ndi wa a Gwaza, bambo wopota zingwe, wa pakamwa pozuna. Pamalirepo panalibe mwala, panalibe mtengo, panalibe ngalande. Panali mzere wa khonje basi. Khonjelo ndiye linali mboni yake.

Chaka china mvula inakana. Khonje lija linayamba kukwinyika, masamba kupindika, nsonga kuuma. Naliyela mtima unali m'mwamba. Iye ankadziwa za mpiru ndi tomato wa kudimba, za khonje ayi.

A Gwaza anafika, chipewa chili m'manja.

"Mayi, khonje lathuli likufa ndi ludzu. Tikalilekerera, malire atisokonekera."

"Nanga nditani, bambo?"

"Lithirireni. Ine msanawu, koma ndowa ndikubwerekani."

Anamubwerekadi ndowa yaikulu, nkhata n'kumupotera okha. Ulemu wawo, munthu ungathokoze mogwada.

Naliyela ankapita kumtsinje wouma, kufukula mchenga, kudikira madzi adzadze pang'onopang'ono. Ankathirira m'mawa, ankathirira masana, ankathirira madzulo. Mbuzi zake zinkamwa zotsalira, iye n'kumagona osasamba.

Patatha mwezi, masamba anasanduka achikasu, ofewa, ndipo patsinde panayamba kununkha.

"Bambo, khonje lija likuipiraipira."

"Ludzu lakula, mayi. Onjezerani madzi."

Anaonjezera. Tsiku lina anakoka tsamba limodzi kuti aone, tsinde lonse n'kuzuka. Mizu inali itaola, phala lokhalokha. Anayesa lachiwiri, chimodzimodzi. Mzere wonse unatha.

Mvula itagwa, a Gwaza analawirira ndi khasu. Anaunga mizere yawo mpaka mkati mwa munda wa Naliyela.

"Bambo, mwalowa mwanga."

"Malire ali pati, mayi? Ndilozereni."

Naliyela anatukula dzanja, koma choloza panalibe. Atatembenuka, anaona kumtunda, kumalire ena a munda wa a Gwaza. Kumeneko kunali khonje lawo, limene palibe analipatsa ndi dontho lomwe. Linali litaima njo, lobiriwira.

"Nanga lanulo bwanji simunalithirire?"

"Khonje limapirira dzuwa, mayi. Likafota, madzi pang'ono kamodzi pa mwezi akwana. Madzi ambiri amaliwoletsa. Ine ndakalamba ndi khonje."

Anatero osaimika n'komwe khasu.

Naliyela anakhala pansi. Munda unapita theka. Koma chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti madzi onse aja anasenza yekha, pamutu pake.

Ndiye mumve, inu muli panonu. Chomera chilichonse chili ndi ludzu lakelake, funsani musanathire. Ndipo pofunsa za malire, musafunse amene mwachita naye malirewo.

Nthano yanga yafika pamalire ake, yathera pomwepa.