Mkanda wa Mayi a Kunyumba

Filesi ankagulitsa mikanda, ndolo ndi zibangili pamsika wina m'tauni. Bambo Chimbalanga, amene ankagawa malo pamsikapo, anali ndi chizolowezi chotola kanthu pabenchi pake osalipira, n'kumati, "Aka n'ka mayi a kunyumba." Ndolo zinapita choncho, chibangili chinatsatira.

Tsiku lina analoza mkanda wofiira, wokongola kuposa yonse.

"Undikulungire uwu. Ukavuta, benchi ili ndipatsa wina."

"Palibe vuto, bwana," anatero Filesi. "Koma kokowera kake n'kolobodoka. Mubwere mawa masana, mudzaupeza nditakonza."

Madzulo Filesi anadzera kwa mayi Chimbalanga n'kuwanong'oneza kuti amuna awo awakonzera mphatso, adzaiyese okha pamsika.

Mawa lake bambo aja atangotambasula dzanja, akazi awo anatulukira atatchena.

"Mwafika bwino, mayi," anatero Filesi, akuwaveka mkandawo. "Ugwirizana kwambiri ndi ndolo zija komanso chibangili chimene bambo anakutengerani."

Mayiwo anagwira makutu awo opanda kanthu, n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Ndolo ziti, bambo a Dalitso?"

Bambo Chimbalanga anatsokomola, nayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

"Mwana wanga," anatero mayiwo modekha, "ndipatse ndolo ndi chibangili zonga zomwezo. Bambo alipira pompano, pamodzi ndi za mnzanga uja sindikumudziwayo."

Bambo aja analipira, msika wonse ukuonerera. Kuchokera tsikulo, akafika pamzere wa Filesi ankalambalala kudzera kogulitsa nsomba.