Ndudu za Pambuyo pa Futari

Pa khonde la sitolo ina pa msika wa Makanjira panali makina osokera a Che Nassoro, telala amene ankakulonjeza malaya Lachiwiri n'kudzakupatsa mwezi wa mawa. Anthu ankawakhululukira, chifukwa utelala sindiwo unawatchukitsa. Che Nassoro anali muazini, munthu woitanira anthu ku mapemphero pa mzikiti wa m'deralo. Mawu awo ankatuluka osalala ndi otalika, moti ngakhale aphunzitsi ndi asilikali achikhristu ankatsitsa wailesi kuti amve. Eni akewo ankadziwa zimenezi, ndipo tisanamizane, ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Chilema chawo chinali fodya. Ankasutira kuseri kwa bafa, poganiza kuti palibe akudziwa, pamene mudzi wonse unkadziwa n'kumangowasungira ulemu.

Tsoka sasimba. Tsiku lina pochokera ku boma la Mangochi, lole imene anakwera inagwera m'dzenje, iwo n'kumenyetsa pakamwa pa chitsulo. Mano anayi akutsogolo, am'mwamba, anatsala m'matope. Bala litapola anabwerera ku mzikiti, koma mawu anayamba kuthawira pa mpata paja ngati mpweya wa tayala lobooka. Anayesa mano ovala ndi kuvula. Lachisanu lina, ali pakati pokoka mawu, manowo anadumphira pa mkeka anthu akuona. Zitatero a Shehe anapempha Che Wadi, wogulitsa usipa wouma, kuti ayambe agwirizira ntchitoyo.

"Malo ndi anu, Che Nassoro," anatero a Shehe. "Kafuneni thandizo. Ife tikusungirani."

Mng'ono wawo Omari, amene amagwira ntchito ku Joni, atamva anakonza zoti akulu ake apite ku Blantyre kwa dokotala wozika mano m'fupa. Dokotalayo anali mayi wosazungulira polankhula. Atamaliza ntchito yake anawakhazika pansi.

"Bambo, ndaboola fupa la nsagwada n'kuzikamo tizitsulo tiwiri. Papita miyezi kuti fupa limere n'kutigwira. Likagwira ndidzamangirirapo mano, ndipo mudzafuula mmene mungafunire osagwa. Koma ndaona zala zanu ndi nkhama zanu. Inu mumasuta. Utsi umafinya timitsempha, magazi safika pa bala, fupa siligwira. Fodya musiyiretu."

"Adokotala, mwezi wa Ramadhani uli pakhomo," anayankha Che Nassoro, thonje lili m'kamwa. "Ife kudziletsa tinayamwira. Munthu wokhala dzuwa lonse osamwa ngakhale dontho la madzi, kandudu kangamugonjetse?"

Dokotala anakhulupirira. Nawonso Che Nassoro anadzikhulupirira, ndipo masiku oyambawo anapiriradi, uku akukalipira aliyense wodutsa pafupi.

Mwezi unaoneka, kusala kunayamba. Masana bambowa anali chitsanzo. Ankapalasa makina kukhosi kuli gwa, osayang'ana n'komwe anyamata a kabaza amene ankasuta pansi pa mtengo. Koma dzuwa likalowa, akadya futari, chakudya chomasulira kusala, miyendo inkawatengera yokha kuseri kwa bafa. Tsiku loyamba inali ndudu imodzi yokha, yotsitsira phala. Posakhalitsa njala ya tsiku lonse inkalipidwa nthawi imodzi, ina ikuyatsidwa pa inzake, ndipo asanayambe kusala kwa tsiku lotsatira ankawonjezeranso za kamba.

Akazi awo, Mwanabibi, anawapeza utsi uli tolotolo.

"Abambo ake Farida, kodi adokotala aja anati musiye masana okha?"

"Amake Farida, chimene Mulungu analola dzuwa likalowa, dokotala wa ku Blantyre ndi ndani kuti achiletse? Theka la tsiku ndikumumvera. Theka linalo ndi langa."

"Nanga fupalo limadziwa kuti kunja kwada?"

"Pitani mukatsuke mbale. Za m'kamwa mwanga zisiyeni."

Mwanabibi anapita, misozi ili m'maso. Anali atakhala nawo zaka zokwanira kudziwa kuti amuna awo akayamba kutchula Mulungu pa mkangano wa m'nyumba, ndiye kuti mfundo zawathera.

Mwezi usanafike pakati, nkhama zinatupa n'kufiira. Akakanikiza ndi lilime pankatuluka zowawa. M'kamwa munayamba fungo loti Mwanabibi ankatembenuza nkhope, koma iwo anali nalo kale yankho: limeneli ndi fungo la munthu wosala, ndipo ndi lolemekezeka. Tsiku lokaonedwanso ku Blantyre litakwana, mvula inali itasandutsa msewu phala, malole osayenda. Pamaso pa anthu anadandaula kwambiri. Mumtima anati Alihamudulillahi, kuyamika Mulungu, chifukwa ankadziwa kuti mayi uja akangowasuzumira m'kamwa adziwa zonse.

Idi, chikondwerero chotsekera kusala, inafika, anthu anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, iwo akutafunira mbali imodzi ngati nkhalamba. Ankadzilimbitsa mtima kuti bala lililonse limayamba lawawa lisanapole. Kenaka masana ena, akuchukucha m'kamwa pa mpopi wa mzikiti pokonzekera mapemphero a swala, analavula madzi n'kumva kanthu kakulira pa simenti, ngwee! Anawerama. Kanali kamodzi ka tizitsulo tija, kathunthu, kopanda ngakhale kachidutswa ka fupa. Anakafumbata m'dzanja n'kulowa mu mzikiti, koma zimene anapemphera tsiku limenelo sanazimve. 

Msewu utauma anapita ku Blantyre. Dokotala anawajambula, n'kuwaonetsa chithunzi pa kompyuta.

"Mukuona pakudapa? Pamenepa panali fupa. Matenda alidya."

Kachitsulo kachiwiri anakachotsa osagwiritsa mphamvu n'komwe. Sanawakalipire, ndipo Che Nassoro akanakonda akanawakalipira.

"Zikaninso, adokotala," anachonderera. "Wallahi, ndasiya. Kuyambira lero lino."

"Ndizike pati, bambo? Msomali umafuna thabwa. Fupa lanu linali lopyapyala kale chifukwa cha ngozi ija, ndipo lotsalalo ndi limene lapitali. Ngakhale mano ovula aja tsopano alibe pokhala bwino. Fodya siyanidi, chifukwa cha mano otsalawo ndi moyo wanu. Koma ndikakuuzani kuti mubwere chaka chamawa tidzayesenso, ndikhala ndakunamizani."

Fodya anasiyadi kuyambira tsiku limenelo. Chowawa kwambiri n'chakuti sizinawavute monga ankaopera. Anavutika milungu ingapo, mutu kuwawa, manja kusowa chogwira, kenaka chilakolako chinazilala chokha. Nthawi zambiri ankaimitsa makina n'kumangoyang'ana pansi, akudzifunsa kuti kupirira kumeneku kunali kuti pamene kunali ndi ntchito. Omari akaimba foni kuchokera ku Joni kufunsa ngati mano aikidwa, iwo ankauza Mwanabibi kuti anene kuti atuluka.

A Shehe anabwera kunyumba. Anafunsa za ulendo, za mpunga wa chaka chino, za Farida ndi ana ake ku Katuli. Atatha zonsezo anatsokomola n'kunena kuti anthu sangadikire mpaka kalekale, choncho akuluakulu agwirizana kuti Che Wadi apitirize. Che Nassoro anavomera ndi mutu. 

Patapita masiku, Che Wadi nawo anatulukira. Anavula nsapato, napereka salamu, n'kukhala kumapeto kwa mkeka ngati munthu wodzapepesa maliro. Mwa iwo munalibe chipongwe ngakhale pang'ono.

"Che Nassoro, ine ntchitoyi sindinaipemphe. Mawu anga mukuwadziwa, anthu akungopirira. Ndabwera kuti mundiphunzitse. Paja pomaliza, mmene munkakwezera n'kutsitsa pang'onopang'ono mpweya osatha, munkatani? Ndionetseni kamodzi kokha, ndimve."

Che Nassoro anaimirira. M'mutu mwawo zonse zinalimo, pokwera, pokhota ndi popumira. Anayang'ana kumpoto monga achitira popemphera, nagwira makutu, nakoka mpweya wodzaza chifuwa. Chimene chinatuluka chinali mluzu ndi malovu. Mlomo wam'mwamba, wosowa chouchirikiza, unagwera m'kati. Anayesanso, mokweza, ndipo zinaipiraipira. Mwanabibi, amene ankapeta mpunga pafupi ndi khitchini, anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba. 

Che Nassoro anakhala pansi, dzanja lili pakamwa.

"Pitani, Che Wadi," anatero. "Muziitana mmene mungathere. Anthu azolowera."

Anthu anazoloweradi. Amene sanazolowere ndi Che Nassoro. Kasanu pa tsiku chimkuzamawu cha pa mzikiti chimalira, ndipo kasanu pa tsiku amamva pamene Che Wadi alakwitsa, pamene mpweya wawathera, pamene akanayenera kutsitsa koma akweza. Milomo yawo imagwedera yokha kutsatira njira yolondola, popanda womva. Akatero amavala chipewa n'kupita kukaima pa mzere wakumbuyo, pamodzi ndi anthu ochedwa.

Ankafuna mano a dokotala masana, ndudu zawo madzulo, poganiza kuti tsiku lingagawidwe pakati thupi osadziwa. Lero alibe mano, alibe ndudu, alibe mawu. Akuluakulu sananame pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.