Mkamwini ndi Kababu ka Makina a Mazira

Tcherani khutu ana inu, mumve za manja oyabwa. Pamudzi wina kufupi ndi Mponela padali mkamwini dzina lake Gwirize. Wailesi ya munthu ikangotsokomola, iye wafika kale ndi zomasulira zake. Kukonza ankakonzadi, koma zina zinkachoka m'manja mwake zitalekeratu kulankhula.

Mlamu wake Nasibeko, mkulu wa mkazi wake, adali ndi makina ofungatira mazira. M'kati mwake mudali kabodi ka kompyuta konga chikhatho, kosunga kutentha. Pa pini yake imodzi, kamwendo kachitsulo kotulutsa moto, adalumikizapo kababu kofiira kosonyeza kuti zonse zili bwino, ndipo pakati pa pini ndi kababuko padali kanthu konga njere ya mpunga, kotchedwa lezisita.

Tsiku lina Nasibeko, ponyamuka kupita kumaliro kutali, adati, "Alamu, mazirawa atsala pang'ono kuswa. Muzingoyang'ana kababuka. Kuyang'ana kokha."

"Pitani bwino alamu, musade nkhawa," adatero Gwirize.

Koma kababuko kankawala mofooka, ndipo kudzukadzuka pakhonde kukasuzumira kudamukwana. Adatsegula makinawo naona lezisita ija. "Ndiwe ukuba moto eti?" Adaidula, nalumikiza waya molunjika.

Kababu kadawala ngati khala lamoto, Gwirize n'kudziombera m'manja. Mwadzidzidzi kadangoti thi! Fungo la chopserera lidamulasa m'mphuno, ndipo kafani koyendetsa mpweya wofunda m'makinamo kadaleka kulira.

Adazimitsa, kuyatsa, kubwezera lezisita, koma kabodi kadali zii. Apo m'pomwe adamva timawu tochokera m'mazira, anapiye akulira m'zikhungwa zawo. Mantha adamugwira. Adafunditsa mazirawo mabulangete, kuikamo mabotolo a madzi otentha, koma chisanu cha mu June ku Mponela sichinyengerera munthu. Pofika mawa lake timawu tija tidali titatha.

Nasibeko atabwera adagwira dzira limodzi, kenako lina, nakhala pansi.

"Mayo ine! Alamu, mwatani?"

"Ndimafuna kawale bwino," adayankha Gwirize, maso ali pansi.

"Kawale bwino? Amene adandipangira makinawa adandichenjeza kuti kababu n'kadyera. Popanda lezisita kamakoka moto woposa umene pini ingapirire, n'kupsa zonse. Inu simukadafunsa?"

Mkazi wa Gwirize adangogwira pakamwa. Atsibweni a mkaziyo, amene adabwera atamva kulira, adayang'ana mkamwiniyo, napukusa mutu.

"Bambo, mukadayesera pa wailesi yanu, bwenzi tikuseka. Koma nyumba ya mwini saotchera mbewa."

Mawu amenewo adatsala m'kamwa mwa anthu mpaka lero. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu cha mnzako, ngakhale akusungitse, si poyesera nzeru zako. Moto ukalusa, iwe umangopepesa, koma wogona panja ndi mwini nyumba.