Makutu a bambo Silungwe

Nyumba za ku Soche n'zothithikana ngati mano m'kamwa. Ukayetsemula kuchipinda kwako, wa nyumba inayo amati pepani. Ndiye munthu wokhala malo otere n'kumati sindifuna kumva anthu, afuna azimva chiyani? Mbuzi?

M'nyumba imodzi mwa zimenezi munkakhala Petronela ndi mwamuna wake, Hawkins Silungwe, kalaliki wa boma wochokera ku Chitipa. Tisamunamizire poti anagona, munthuyo sanali woipa. Mowa ayi, kumenya mkazi ayi, za akazi apambali sizinamvekepo. Nthenda yake inali imodzi: phokoso linkamunyansa. Ana akamamenya mpira wachikulunga pamsewu, iye tsinya. Makina osokera a Che Hamis, telala wa kuseri kwa mpanda, akamalira, iye tsinya. Komanso masiku ake anali aja a chipani chimodzi, pamene mawu olankhula pabasi ankakafika kwa eni ake wolankhulayo asanatsike. Hawkins, pokhala wakumpoto komanso wapantchito ya boma, anaphunzira kusunga lilime. Kusunga lilime si mlandu. Koma iye anafuna kusunganso makutu.

Chaka chimene timakaseti topachika m'chiuno tinayamba kuoneka m'masitolo a amwenye ku Limbe, dokotala anamuuza Hawkins kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, azilimbitsa thupi. Iye anati chabwino, ndizithamanga m'munsi mwa phiri, koma ndi nyimbo. Loweruka lina anatengana ndi mkazi wake kukagula kakasetiko. Mwenye anayala pakauntala zomvera za mitundu itatu. Kena kanali kachingwe kokhala ndi kanjere kolowetsa m'khutu limodzi. Ena anali opepuka, a timasiponji, oti mawu a kunja amalowabe. Ena anali mahedifoni akuluakulu akuda, ngati mbale ziwiri za ndiwo zomangirira pa uta.

“Tengani aka, bambo a Eliza,” anatero Petronela, atanyamula kachingwe kaja. “Khutu limodzi la nyimbo, linalo la anthu.”

“Aka ndi ka agogo ogontha aka. Ndizioneka ngati ndachokera kuchipatala.”

“Nanga awa a timasiponji? Opepukanso pothamanga.”

Hawkins anali atavala kale akuluakulu aja. Petronela analankhula, iye n'kumangoona milomo ikugwedezeka. Pamenepo nkhope yake inawala, kumwetulira kumene mkazi wake anakuona komaliza tsiku la ukwati.

“Wati chiyani?” anakuwa, anthu onse m'sitolo n'kucheuka.

“Ndati vulani, mukundichititsa manyazi!”

“Eya, ndi amenewa! Sindikukumva n'komwe!”

Mwenye anaseka, ogula anaseka, Petronela nayenso anaseka poti akanatani. Koma mawu amenewo anamukhala pamtima ngati chakudya chosapsa. Panjira Hawkins ankawerengera ubwino wake: pabasi ya ku Chitipa, ulendo wogona panjira uja, sadzamvanso makanda ndi nkhuku, pothamanga sadzamva agalu, pakhonde sadzamva makina a Che Hamis. Zonse zimene ankatchula zinali zoti sadzamva.

Kuyambira pamenepo mutu wa Hawkins unali wa makutu anayi, awiri akunja akuda, awiri am'kati akufa. M'mawa Che Hamis ankasuzumira pampanda, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. “Mwadzuka bwanji achimwene?” Zii. Azimayi a pampopi kumulonjera, zii. Akaona milomo ikugwedezeka ankangokweza dzanja n'kudutsa. Anthu anam'patsa dzina lakuti Payiloti. Ena ankanong'ona kuti mawaya amenewo ndi a ukazitape, n'kumasiya nkhani akamayandikira. Che Hamis yekha ndiye ankaziseka. “Asiyeni a Payiloti, ali m'mwamba. Akatera tidzalonjerana.” Ndi yemweyo amene anamusokera kakabudula kothamangira.

Kenaka Che Hamis anadwala. Anamutengera kwa mng'ono wake Abdula ku Manje kuti akamudwazike, ndipo Loweruka lina m'mawa uthenga unafika kuti watisiya. Hawkins anali atapita ku ofesi, poti masiku amenewo Loweruka ankaweruka masana. Asilamu sagoneka maliro, amaika tsiku lomwelo. Petronela anamanga chitenje n'kuthamangira ku Manje, atasiya mawu kwa mayi wa nyumba yoyang'anizana nayo kuti bambo akabwera awauze. Mayiyo anachita mbali yake. Ataona Hawkins akutuluka pageti ndi kakabudula kake, anaima pakhonde n'kukuwa, “A Silungwe! Che Hamis atisiya! Maliro ali ku Manje!” Hawkins anakweza dzanja mwa masiku onse, n'kuyamba kuthamanga.

Zotsatirazo Petronela anaziona ndi maso ake, chifukwa azimayi anatsala pabwalo la nyumba ya Abdula, ndipo kanjira kopita kumanda kankadutsa pomwepo. Azibambo anali atangonyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, atachifunda nsalu, akuyenda pang'onopang'ono ndi mapemphero awo. Kumtunda kwa kanjirako kunatulukira munthu akutsetsereka mothamanga, ntchafu zili pamtunda, mutu uli pansi kuyang'ana miyala. Ndipo ankaimba. Wovala zinthu zimenezi sadziwa kukula kwa mawu ake. Ankakuwa nyimbo ya rumba ya ku Zaire, mawu ake osawadziwa n'komwe.

“Imani! Maliro! Imani bambo inu!” anthu anakuwa.

Petronela anaimirira n'kukuwa dzina lenileni la mwamuna wake, limene sanalitchulepo pagulu. Zonsezo zinagwera pa mbale zakuda zija. Hawkins anakagunda phewa la Abdula, amene anali kutsogolo. Jeneza linapendekeka, nsalu inatsetsereka, ngodya imodzi inagunda pansi.

Mahedifoni anali atagwera m'khosi, ndipo chokha chomwe chinkamveka ndi kanyimbo kaja, tsi-tsi-tsi, ngati mafuta m'chiwaya. Hawkins anayang'ana jeneza, anayang'ana Abdula, anayang'ana khamu lonselo. Panali liwu limodzi lofunika pamenepo, liwu loti ngakhale mwana wa sitandade wani amalidziwa. Iye anatulutsa lina.

“Sindinamve.”

Anatembenuka, n'kuthamanga kubwerera kumene anachokera.

Madzulo ake Petronela anam'peza pakhonde atakhala ngati nkhuku yonyowa.

“Nyamukani, tikapepese.”

“Mawa.”

“Mawa lake liti? Munthu uja ankakulonjerani tsiku ndi tsiku, inu mwam'gwetsa pansi ali m'nsanda!”

“Sindinachite dala, mayi a Eliza. Ukudziwa iwenso kuti sindinamve.”

“Wopondedwa chala safunsa ngati munachita dala. Amadikira pepani.”

“Ndikaima bwanji pamaso pa anthu aja? Akandiyang'ana bwanji?”

“Akakuyang'anani tsiku limodzi, n'kuiwala. Mukapanda kupita adzakuyang'anani moyo wanu wonse.”

Hawkins anatambasula dzanja, n'kutenga mahedifoni, n'kuvala. Nkhani inathera pomwepo. Kunali kunyada kapena manyazi? Kwa mwamuna ziwirizi zimagona mphasa imodzi. Mawa linakhala sabata, sabata linakhala mwezi. Tsiku la sadaka ya Che Hamis linafika, mpunga unaphikidwa, Akhristu ndi Asilamu omwe anasonkhana. Petronela anamuchonderera kuti khomo latseguka ili, lowani. Iye anati ali ndi ntchito ku ofesi.

Petronela anapita yekha. Mwanamisi, mkazi wa malemuyo, anamugwira dzanja n'kumukhazika pambali pake pamkeka.

“Inu ndinu athu, achemwali, musamayende chowerama. Koma tandiuzani. Amuna anu ali ndi miyendo yozungulira phiri lonse la Soche. Yofikira pano ndiye alibe?”

Petronela anatsanzika. Atabwerera kunyumba anapeza mwamuna wake akusamba, mahedifoni ali patebulo. Anawatenga n'kupita nawo kuseri, pamene mbaula inali ndi makala ofiira. Anaima pamenepo, chingwe chikulendewera pamwamba pa moto. Kenaka anaganiza za mkangano, anaganiza zoti mkazi wabwino saononga katundu wa mwamuna wake, anakumbuka kumwetulira kwa m'sitolo kuja. Anakawabwezera patebulo. Chimenechi ndicho chimamudya mpaka lero. Mkangano wa tsiku limodzi, iye anauopa.

Mvula ya chaka chotsatira itayamba, Lamlungu lina masana, Hawkins anali pampando wake pakhonde, mbale zake zili m'makutu, maso ali chitsinzinire. Petronela anabwera ndi tiyi.

“Tiyi uyu, bambo a Eliza.”

Zii. Sanadabwe, poti zii ndiye linali yankho la m'nyumbamo. Anaika kapu pansi n'kubwerera kukachapa. Anachapa, anayanika, mvula itaopseza anayanula. Podutsanso pakhonde anaona tiyi ali chikhalire, ntchentche itagweramo.

“Ndiye munthu ndivutike kuphika, inu n'kumamwetsa ntchentche?”

Anamukankha paphewa mwaukali. Mutu unagwera kumbali. Kaseti inali itatha kalekale, ndipo dzanja linali lozizira. Magazi aja anali atamupeza ali pampando. Kaya anaitana, kaya anabuula, kaya panali nthawi yothamangira naye kuchipatala, palibe adziwa. Nyumba imene anthu anasiya kuyankhana, imfa imalowa osagogoda, n'kukhala pansi, n'kupumula.

Woyamba kufika atamva kulira anali Mwanamisi. Azimayi a Mvano anabwera ndi nyimbo zawo, azimayi a pampopi anabwera ndi nkhuni. Kuofesi anatumiza bokosi ndi lole yoti inyamule thupi kupita ku Chitipa, kumene abale ankadikira. Azibambo a m'deralo nawo anabwera, poti maliro sathawidwa. Koma sanalowe pageti. Anakakhala tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa mango, manja ali pamaondo.

Itakwana nthawi yonyamuka, mkulu wa mpingo, nkhalamba yoyendera ndodo, anaima pageti.

“Azibambo, tiyeni tithandizane, tikweze m'bale wathuyu.”

Palibe anagwedezeka. Abdula, amene anali pakati pawo, anaika dzanja kukhutu n'kutembenukira mnzake.

“Akuti bwanji akuluwo?”

“Kaya. Ife sitikumva.”

Nkhalamba ija inabwereza. Azibambo anangoyang'ana nyerere pansi. Dalaivala wa lole analiza hutala, akuti njira ndi yaitali ndipo thupi silidikira. Pamenepo Petronela anatuluka m'nyumba, mpango uli pambali, anawoloka msewu n'kugwada m'matope pamaso pawo.

“Alamu, chilango ichi mukupatsa ndani? Uyo wagona, sakumva kanthu. Amene ndikumva ndine.”

Abdula sanathe kumuyang'ana kumaso. “Mlamu, inu sitinalakwirane. Munthuyu tinamudikira. Akanangobwera n'kuima pakhomo, ngakhale osakhala pansi. Mkulu wanga anagunda pansi ngati thumba la makala, ine ndili pomwepo. Phewa ili likukana.”

Hutala inaliranso. Petronela anamva dzanja likumukoka m'khwapa. Anali Mwanamisi, atamanga chitenje m'chiuno ngati wopita kudimba.

“Dzukani apa achemwali, maondo amenewo musungire Mulungu. Tiyeni. Inu mukagwire kumutu, ine kumiyendo.”

Bokosi la Hawkins Silungwe linatuluka m'nyumba m'manja mwa azimayi. Akazi amasiye awiriwo, azimayi a Mvano m'mbali, dalaivala akulandira pamwamba. Linali lolemera. Linagunda pachitseko, linagunda pageti, nyimbo inaduka chifukwa oimba ake ndiwo ankawefuka. Azibambo ena manyazi anawagwira, anadzuka n'kuthamangira, koma anafika bokosi litakwera kale. Anangoima pamenepo, manja ali lende, osowa chogwira.

Petronela anakwera kumbuyo n'kukhala pambali pa bokosilo ndi mwana wake Eliza. Lole itayamba kuyenda sanalire. Ukali unali utaumitsa misozi. Anakwiyira azibambo aja, olanga mtembo pomwe wolira ali moyo. Anadzikwiyira yekha. Koma koposa anakwiyira wogona m'bokosiyo, munthu wophunzira, wodziwa Chingerezi chonse, amene analephera liwu limodzi la Chinyanja n'kumusiyira mkazi wake katundu woti asenze pamaso pa Soche yense.

Inu azibambo amene mwayamba kutseka makutu, pabasi, pamsewu, ngakhale pakhomo panu penipeni, nyimbo si yoipa. Koma nyimbo ilibe phewa. Tsiku limene mudzagone chagada, osatha kudziyendetsa nokha, odzakunyamulani ndi omwewo mukuwadutsa lero ngati zitsa. Ndipo amene adzagwade m'matope kukupemphererani mapewa si inu ayi, ndi mkazi wanu. Akuluakulu anaona patali pamene anati maliro n'kulirana.