Mayi Amene Anatsutsa Setilaiti

Panali mayi wina, dzina lake Nagama, amene ankagwira ntchito m'kanyumba ka pamwamba pa phiri, kutali ndi msewu. Kanyumbako kanalibe malata, kanalibe msomali wachitsulo ngakhale umodzi. Mkati munali chipilala, ndipo pa chipilalapo panali makina oyezera mphamvu ya maginito ya dziko, mphamvu ija imene imachititsa singano ya kampasi kuloza kumpoto.

Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse Nagama ankakwera phirilo. Njinga ankaitsamiritsa pa mtengo wa msuku, patali ndithu ndi khomo. Makiyi, foni ndi ndolo ankazimanga pa kansalu n'kuzisiya pomwepo, pakuti kachitsulo kakang'ono kamanamiza makina otere. Akatero ankalowa, n'kuyeza, n'kulemba. Anachita zimenezi zaka khumi, zisanu ndi zinayi.

Kenaka anthu a kutsidya kwa nyanja anatumiza setilaiti m'mlengalenga. Inkazungulira dziko n'kumayeza mphamvu yomweyo, pamodzi ndi mpweya wa kumtunda kwenikweni umene umapotoza mauthenga a wailesi. Zimene inkayeza zinali zoti akonzere mapu a oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi. Koma eni ake sanafune kuikhulupirira payokha. Anapempha malo oyezera a pansi, kuphatikizapo kanyumba ka Nagama, kuti azitumiza manambala awo, aone ngati akugwirizana ndi a kumwamba.

Chaka choyamba manambala anagwirizana. Chaka chachiwiri anayamba kusiyana. Kusiyanako kunali kochepa, koti waulesi sakanakuona, koma mwezi uliwonse kunkakula.

Nagama anayamba wadzikayikira yekha. Pamene ankayeza kamodzi anayamba kuyeza kawiri. Anabwereka makina ena kumzinda n'kuwayerekeza ndi ake, ndipo onse ananena chimodzi. Anafufuza m'tchire monse mozungulira kanyumbako, mpaka anafukula khasu lakale lochita dzimbiri. Mtima unakhala pansi, poganiza kuti wolakwa wapezeka. Anakalitaya kuchigwa, n'kuyezanso. Kusiyana kuja kunali pomwepo.

Tsiku lina mkulu wake wa ntchito, bambo Mtambalika, anakwera phirilo. Sanali munthu woipa, koma anali ndi mantha. Anaima panja akupuma mwawefuwefu.

"Mayi Nagama," anatero, "eni setilaiti akuti malo amene manambala awo sakugwirizana ndi a setilaiti achotsedwa pa mndandanda wa malo amene amawadalira. Tikachotsedwa, kuno kutsekedwa. Inu mupita kuti pa msinkhu umenewu? Kankhaniko pang'ono manambalawo. Anzanu a malo ena atero kale."

"Bambo, makinawa ndawayesa. Ali bwino."

"Chinthu chija anachipanga akatswiri mazana. Inu muli nokha, m'nyumba yofolera udzu. Wolakwa angakhale ndani?"

Nagama anayang'ana pansi mwaulemu. "Mwina ndi ine. Koma anandipempha kuti ndiwauze zimene ndikuona pano. Zimene iwo akuona akuzidziwa kale."

Tsiku lomwelo anatumiza manambala onse monga anawalembera, a miyezi khumi ndi inayi, osasinthapo kadontho. Pansi pake anafotokoza za khasu lija, tsiku limene analipeza ndi zimene anayeza atalitaya. Kenaka anasaina dzina lake.

Patangopita milungu itatu, malo ake anachotsedwa pa mndandanda. Ku ofesi ankanong'onezana kuti mayi wa kuphiri maso akalamba. Ena ankati wakula mtima, akufuna kuphunzitsa amene anamuphunzitsa. Mawuwo anamufika, ndipo anamupweteka. Masiku ena ankakwera phiri akudzifunsa ngati sanadziphere yekha ntchito popanda chifukwa. Komabe ankakwera. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, ankayeza n'kulemba, ngakhale panalibenso wofunsa manambalawo.

Inatha miyezi isanu. M'mawa wina wa Lachisanu anaona bambo Mtambalika akukweranso, pepala lili m'manja. Nagama anaganiza kuti kalata yotseka malo yafika. Anamaliza kaye kuyeza, anatseka buku lake, n'kutuluka kukawalandira.

"Khalani pansi, mayi, ndikuwerengereni," anatero mkuluyo.

Kalatayo inachokera kwa eni setilaiti. Inati katswiri wina mwa iwo sanataye lipoti la Nagama. Anaona kuti kusiyana kuja sikunali kodumphadumpha monga kumakhalira kwa munthu wolakwitsa, koma kunkakwera mwadongosolo. Anafufuza malo ena amene anachotsedwa, n'kupeza awiri, ena pachilumba, ena m'chipululu, osonyeza zofananazo. Anthu atatu osadziwana sakananama bodza limodzi. Akatswiri atafufuza bwino, anapeza kuti kutentha kwa dzuwa kunkasokoneza pang'onopang'ono choyezera cha m'setilaiti. Malo amene anakankha manambala awo sanathandize kanthu, chifukwa anangobwezera setilaiti cholakwa chake chomwe. Pogwiritsa ntchito manambala a malo atatu aja, ndipo a Nagama ndiwo anali athunthu koposa, akatswiri anakonza zonse zimene setilaiti inayeza, mapu atsopano asanatuluke. Malo ake anabwezeretsedwa pa mndandanda.

Bambo Mtambalika anapinda pepalalo, n'kuvula chipewa.

"Mayi, mwawongola chinthu chimene simunachionepo ndi maso. Ine ndinakulangizani zolakwika. Mundikhululukire."

"Zatha, bambo. Tawerenganinso paja pali dzina langa."

Anawerenganso. Nagama anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa. Kenaka mayi uja, amene anthu ankamudziwa ngati wosalankhulalankhula, anaimirira, anapita pamphepete pa phiri, n'kuimba nthungululu yaitali. Anthu amene ankapalira m'minda ya kuchigwa anaweramuka n'kuyang'ana kumtunda, kudabwa kuti kaya kwabadwa mwana.

Inu amene mwamva fanizoli, tsiku lina mudzaikidwa kukhala mboni ya chinthu chachikulu kuposa inu. Mukadzasiyana nacho, yambani mwadzifufuza nokha, ndipo musadzimvere chisoni pofufuzapo. Mukadzapeza kuti munaona bwino, nenani zimene munaona, ngakhale mutakhala nokha. Wamkulu amene wakupemphani kuti mumuyese sakufuna kuti mumuombere m'manja. Akufuna maso anu, pakuti cholakwa chake iye mwini sangachione.