Kabatire Kamene Kanakhomera Diresi la Mkwatibwi

Bambo Dionísio ankagula nandolo ndi nyemba m'tauni ya Milange. Anali munthu wopatsa, wosasunga mangawa, koma anali ndi nthenda imodzi: pakamwa pake sipankachoka mawu akuti "mawa". Denga la sitolo yake likadontha, ankangosuntha matumba n'kutcherapo beseni.

Galimoto yake inali ya masiku ano, yosafuna kupotokola kiyi. M'malo mwa kiyi inali ndi kabokosi kakuda ka mabatani, kamene anthu a kuno amati komando. Ukadina, zitseko zimatseguka zokha. Anaigula kwa munthu wina ku Mocuba, ndipo kachitsulo kotsegulira chitseko pamanja, kamene kamabisika m'kati mwa komando, kanali katatayika kale. Iko nako anati adzasulitsa mawa.

Chilimwe china komando ija inayamba kugontha. Kale inkamva ali pakhonde, tsopano inkafuna aime pafupi ndi galasi. Mkazi wake, mayi Zione, wobadwira tsidya la Muloza ndipo ankagulitsa zitenje pamsika, anaziona.

"Bambo a Rosita, kanthu kanuka katopa," anatero m'mawa wina. "Kabatire kake n'kofanana ndi ndalama yachitsulo, okonza mawotchi pamsika ali nako. Ndipatseni ndikakusinthireni."

"Isiyeni, mayi, ikugwirabe. Ndisintha ndekha mawa."

Mawa lija linabala mawa linzake. Dionísio anaphunzira kuinyengerera komando ngati mwana wokana phala: kuimenya pachikhatho, kuipukuta pa buluku kuti ifunde, kenaka n'kudina mwamphamvu.

Tsono kunabwera ukwati. Henrique, mwana wa mlongo wake, amene Dionísio anamulera bambo ake atamwalira, ankakwatira mtsikana wa ku Majaua dzina lake Virgínia. Dionísio ndiye anali nkhoswe, ndipo analonjeza kuti mkwatibwi adzapita ku tchalitchi pa galimoto yake. Diresi loyera, nsapato ndi mphete, zonse zinagulidwa m'tauni n'kuikidwa pampando wakumbuyo.

M'mawa wa Loweruka la ukwatilo anadutsa pafupi ndi tebulo la wokonza mawotchi.

"Taimani pang'ono pano," anatero Zione.

"Tachedwa kale. Tikamabwerera."

Anafika ku Majaua dzuwa litakwera, fumbi lili mbuu. Pabwalo panali anthu ambiri, choncho Dionísio anakhoma galimoto n'kupita kukapereka moni kwa akuchikazi. Malonje atatha, amayi oveka mkwatibwi anabwera kudzatenga diresi. Iye anatulutsa komando n'kudina. Kunali zii. Anaimenya pachikhatho, anaipukuta, anaigunditsa pagalasi. Galimoto inangoti duu, diresi likuoneka m'katimo ngati nsomba m'madzi akuya.

Mudzi wonse unasakasaka batire. Wina anabweretsa a tochi, wina a wailesi, koma onse anali aakulu. Mphunzitsi wina anamasula wotchi yake, kabatire kake n'kukhala kakang'ono kwambiri. Wanjinga yamoto anati akhoza kuthamangira ku Milange, koma ndi msewu umenewo adzabwera dzuwa litapendeka. Pamenepo n'kuti bambo mfumu odzadalitsa ukwatiwo atatumiza kale mawu kuti masana akuyembekezeredwa kumudzi wina, ndipo kuno sabweranso msanga.

Henrique anafika atavala kale suti, thukuta lili kamukamu.

"Amalume, tichita bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

Sanadandaule, sanaloze chala. Kufatsa kwakeko ndiko kunamulasa Dionísio kuposa chipongwe. Anayang'ana mkazi wake, koma Zione anangoyang'ana pansi, osanena kuti ndinkanena.

"Ndibwerekeni khasu," anatero Dionísio.

Anamenya galasi lakumbuyo ndi msana wa khasu, galasi n'kuyoyoka ngati mchere. Nthawi yomweyo galimoto inayamba kukuwa, nyali zikuphethira, nkhuku ndi mbuzi zikubalalika. Zione anatulutsa nsapato ndi mphete, nasolola diresi, analikutumula mosamala, napeza kuti lang'ambika pang'ono m'munsi. Analumikiza ndi mapini. Dionísio analowa n'kudina batani loyatsira injini, koma injini inakana, chifukwa galimoto sinkamudziwanso mwini wake.

Virgínia anatuluka m'nyumba atavala zoyera. Anayang'ana galimoto yokuwayo, kenaka n'kuuza mlongo wake Fabião kuti abweretse njinga yakapalasa. Anakhala pakaliyala chammbali, amayi awiri atagwira m'mphepete mwa diresi kuti lisakodwe m'masipoko, ndipo gulu linanyamuka ndi nyimbo ndi nthungululu.

"Tiyeni, amalume," anatero Henrique.

"Tsogolani. Ndingoletsa phokosoli, ndikupezani."

M'nyumba yoyandikana munali mayi wodwala, ndipo Dionísio sakanachoka n'kusiya chisokosocho pakhomo pa eni ake. Anatsegula kutsogolo, osadziwa waya woti agwire. Anagwada, kenaka anagona chafufumimba n'kukwawira kunsi kwa galimoto, suti yatsopano ikusesa fumbi lofiira. Anavutika nthawi yaitali mpaka mlimi wina anabwera ndi sipanala n'kumasula batire lalikulu. Phokoso linatha.

Ku tchalitchi kunali kotalikirako. Anayenda wapansi, mawondo atanyuka, ndipo anafika anthu akuomba m'manja. Malumbiro anali atachitika. Pamalo pa nkhoswe panaima mng'ono wake Faustino, amene sanagulepo ngakhale kope limodzi la mwanayo ali pasukulu. Dionísio anakhala pabenchi yakumbuyo, nayang'ana msana wa mnyamata amene anamulera, misozi ikulengeza.

Galimoto inagona ku Majaua, pagalasi atamatapo thumba la feteleza. Lolemba Dionísio anaima pa tebulo la wokonza mawotchi. Munthuyo anakanula komando ndi kasukuludiraiva, anachotsa kabatire kakale, anaika katsopano mbali yolembedwa itayang'ana m'mwamba, n'kutseka kuti thwa. Anamaliza asanathe n'kufunsana za kunyumba komwe. Dionísio anakatenga kabatire kakufako n'kukayang'anitsitsa pachikhatho. Kanali kopepuka kuposa njere ya nyemba zimene ankagula tsiku ndi tsiku.

Galasi linagulidwa lina, suti inachapidwa. Koma pachithunzi cha malumbiro a ukwati chimene chili pakhoma kwa Henrique, amalume amene anamulera palibepo, ndipo palibe msika umene ungagulitse tsiku limenelo. Akulu sananame: Zengerezu adalinda kwawukwawu.