Bilimankhwe pa Mipando Itatu

Nkhani iyi anandiuza Mayi Esinala Chikuse a m'kwaya yathu, tikusenda mtedza titachoka ku mapemphero. Ambuye andithandize ndisawonjezerepo.

Anati nyama zitaimika nsanja ya intaneti paphiri, zinapangana kuti malamulo ake asapange Njovu yekha. Panaikidwa mipando itatu: wa olamulira, wa akangaude oluka mawaya, ndi wa tinyama ta kudambo. Mpando uliwonse unali ndi mbale yake ya ziwala.

Mbewa za kudambo zinatuma Bilimankhwe ndi pempho limodzi: netiweki ifike kwawo, kuti chenjezo la madzi osefukira liziwapeza ana asanamire m'mauna.

Bilimankhwe anafika ndi njala. Njovu ndi Kangaude anali atachedwa, ndipo wotsogolera msonkhano anali Kadzidzi, amene masana saona bwino.

Bilimankhwe anasanduka wotuwa n'kukwera mpando woyamba. "Andituma a Njovu, bwana. Akuti nsanja iyang'ane kwawo." Anaseseratu mbale.

Anadzera pansi pa tebulo, n'kutulukira pa mpando wachiwiri ali bii. Kuti amveke ngati mmisiri, anadandaula kuti waya wa kudambo ngwovuta kukoka, mwina chaka chamawa. Mbale yachiwiri inatha.

Bilimankhwe atakhala pa mpando wake weniweni ali wobiriwira, Kadzidzi anafunsa ngati a kudambo ali ndi mawu. Bilimankhwe anaona kuti akatsutsa, nkhani italika ndipo eni mipando amupeza.

"Tilibe mawu, bwana."

Kadzidzi anasindikiza chidindo. Kenaka anaitana nthumwi zonse zitatu ziime pamodzi, pakuti msonkhano sutha popanda chithunzi. Bilimankhwe anayesa mitundu itatu nthawi imodzi: mutu wotuwa, mimba yakuda, mchira wobiriwira. Njovu ndi Kangaude analowa n'kumupeza ali choncho, akutuluka thukuta.

Palibe anamumenya. Kangaude anangonena motsitsa kuti anamaliza kale kuluka waya wa kudambo, amangodikira wina amupemphe. Koma chidindo chinali chitagwa, ndipo msonkhano wina unali wa pambuyo pa dzinja.

Bilimankhwe anauyamba ulendo wokauza mbewa. Mpaka lero akuyendabe, mwendo kuutukula, kuubweza, kuutukulanso.

Apa Mayi Chikuse anasiya kusenda, maso ali m'lichero.

"Inenso a m'dera lathu anandituma kawiri ku misonkhano yotere, mwanawe. Chakudya ndinadya. Dzanja sindinakweze."